Maphunziro Oyesa Damu pa Kompyuta Madzi Asanaliyese

Mu caka ca 2024 inatha nchito yaikulu yokonza dziwe limene lili m'munsi mwa khoma la damu la Kariba. Nchitoyi inayamba mu 2017, ndipo anchito anaswa ndi kucotsa miyala yokwana pafupifupi makyubiki mita 300,000. Koma mwala woyamba usanaswedwe, dziwelo linali litakumbidwa kale kangapo konse, m'maonekedwe osiyanasiyana, m'nyumba yofufuzira mumzinda wa Lausanne ku Switzerland ndiponso m'kati mwa kompyuta.

Anthu amene amagwira nchito yotere ndi mainjiniya amene, atatsiriza digiri yoyamba, anabwereranso ku yunivesite kukaphunzira luso loyerekezera zinthu pa kompyuta pamodzi ndi masamu amene lusoli limayendera. Maphunzirowa sadziwika kwenikweni kwa anthu ambiri, koma zotulukapo zake zimakhudza aliyense amene amawoloka mlatho, kukwera ndeke, kulowa mumgodi kapena kuyatsa magetsi. Colinga cake ndico kukonzekeretsa munthu wodziwa nthawi yokhulupirira yankho la kompyuta ndi nthawi yolikana.

Vuto la pansi pa khoma

Damu la Kariba linamangidwa pa mtsinje wa Zambezi kuyambira mu 1955 kufikira mu 1959. Khoma lake ndi lalitali mamita 128 kucokera pansi, ndipo pamwamba pake limatambalala mamita 579 kucokera tsidya lino kufika tsidya lina. Lili ndi zitseko 6 zotulutsira madzi nyanja ikadzaza kupitirira muyeso. Zitsekozi zikatsegulidwa, madzi amatumphuka kucokera pamwamba n'kukagwa pa thanthwe la m'munsi ndi mphamvu yoopsa.

M'zaka zoyambirira za damuli zitsekozo zinali kutsegulidwa kawirikawiri, ndipo madzi anakumba thanthwelo pang'onopang'ono mpaka panapangika dziwe lakuya mamita oposa 80. Nkhawa ya bungwe la Zambezi River Authority, limene limayang'anira damuli m'malo mwa maiko a Zambia ndi Zimbabwe, inali yakuti madzi ozungulira m'dziwemo angapitirize kudya thanthwe molowera ku maziko a khoma. Khomalo litagwa, cigumula cake cikhoza kukafika ku damu la Cahora Bassa ku Mozambique, ndipo miyoyo ya anthu mamiliyoni okhala m'cigwa ca Zambezi ingakhale pangozi.

Funso linali lakuti dziwelo likonzedwe motani. Kuyesa pa damu lenilenilo kunali kosatheka, kaamba kakuti thanthwe likaswedwa molakwika silibwezeredwa pamalo pake. Conco akatswiri a yunivesite ya EPFL ku Lausanne anamanga cifaniziro ca dziwelo, cocepa kuwirikiza nthawi 65. Pa muyeso umenewo, khoma la mamita 128 limangotsala pang'ono kukwana mamita 2. Anathira madzi m'cifaniziroco, napima mphamvu imene madziwo anali kumenyera pansi ndi m'mbali mwa dziwe.

Cifaniziro cotere cimaonetsa bwino kayendedwe ka madzi, koma sicingaonetse mmene thanthwe la ming'alu limaswekera pakapita zaka zambiri. Mbali imeneyi inasiyidwa m'manja mwa masamu. Miyeso yocokera ku cifaniziro inalowetsedwa mu kompyuta, imene inawerengera kuzama kumene dziwelo likanafika ngati likanasiyidwa mmene linalili, ndiponso ngati likanakumbidwa mwa njira iyi kapena iyo. Njira imene inasankhidwa inali yokulitsa dziwelo ca kumunsi kwa mtsinje, kuti madzi akagwa azipeza potulukira m'malo mobwerera kukazungulira pafupi ndi maziko.

Nchito yonse yokonzanso damuli, kuphatikizapo malo a zitseko, inayerekezedwa kuti idzadya madola a ku America 294 miliyoni, ocokera ku European Union, World Bank, African Development Bank, boma la Sweden ndi bungwe la Zambezi River Authority. Gawo lalikulu la ndalama zimenezi linatsatira cigamulo cimene cinayamba ngati manambala pa kompyuta.

Kugawa cinthu cacikulu m'tizigawo

Malamulo amene madzi, citsulo ndi miyala zimatsatira anadziwika kalekale. Isaac Newton analemba malamulo a kayendedwe ka zinthu mu 1687. Claude-Louis Navier mu 1822 ndi George Stokes mu 1845 analemba masamu ofotokoza kayendedwe ka madzi ndi mpweya. Vuto ndi lakuti masamu amenewa amapereka yankho pa pepala ngati cinthuco ndi coongoka ndi cosavuta, monga paipi yoongoka kapena mtanda wa citsulo wogonekedwa pa zipilala ziwiri. Khoma la Kariba ndi lopindika m'mbali ndiponso kucokera pamwamba kufika pansi, ndipo limatsamira pa thanthwe losafanana kulimba kwake. Cinthu cotere cilibe yankho lacidule.

Njira yotulukira m'vutoli mlimi aliyense angaimvetse. Munda wa m'mbali mwa dambo kawirikawiri umakhala wokhotakhota, ndipo palibe lamulo limodzi lowerengera kukula kwake. Koma munthu akaugawa ndi zingwe m'tizigawo ta ngodya zitatu, kagawo kalikonse kamapimika mosavuta, ndipo akaphatikiza tonse amapeza kukula kwa munda wonse. M'mphepete mokhota mumatsala timalo tosapimidwa, conco yankho lake limaphonya pang'ono. Akacepetsa tizigawoto, kuphonyako kumacepa, koma nchito yowerengera imakula.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Zaka zoposa 2,200 zapitazo, Archimedes wa ku Syracuse anapima kuzungulira kwa cinthu cobulungira mwa kucizinga ndi mizere yoongoka 96 yaifupiifupi. Iye sanangopereka yankho, koma anachulanso malire awiri, wapamwamba ndi wapansi, amene yankho loona liyenera kukhala pakati pake. Kudziwa kukula kwa kuphonya kwa yankho ndiwo mtima wa masamu amene pa Cingelezi amachedwa numerical methods.

Injiniya wa masiku ano amacita zofanana ndi mlimi uja. Amajambula damu, phiko la ndeke kapena mlatho pa kompyuta, n'kucikuta conse ndi mizere yooneka ngati ukonde wa msodzi. Diso lililonse la ukondewo ndi kagawo kamodzi, ndipo kagawo kalikonse kamalumikizana ndi tinzake pa mfundo za ukonde. Kompyuta imawerengera mmene mfundo iliyonse ingasunthire madzi akakankha, dzuwa likatentha kapena nthaka ikagwedezeka. Kucokera pa kusuntha kumeneko imapeza malo amene konkire yapanikizika kwambiri ndi malo amene ingang'ambike.

Mfundo iliyonse ikhoza kusunthira mbali zitatu. Conco ukonde wa mfundo 1 miliyoni umabweretsa manambala osadziwika 3 miliyoni, onse odalirana, amene ayenera kupezedwa pa nthawi imodzi. Ndipo munthu akafuna kucepetsa maso a ukondewo ndi theka m'litali, m'lifupi ndi m'kuya, tizigawo timaculuka kuwirikiza nthawi 8. N'cifukwa cake injiniya sangaike ukonde wa maso aang'ono paliponse. Ayenera kusankha malo ofunika kuwayang'anitsitsa, ndipo kusankha kumeneku kompyuta sikumucitira.

Mmene lusoli linakulira

Mmodzi mwa anthu oyamba kuyesa njira yotere pa nkhani yaikulu anali Lewis Fry Richardson wa ku Britain. Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ali woyendetsa ambulansi ku France, anagawa mlengalenga wa ku Ulaya m'zigawo, nayesa kuwerengera pamanja mmene nyengo ya tsiku la 20 May 1910 inasinthira pa maola 6. Kuwerengerako kunamutengera milungu pafupifupi 6, ndipo yankho lake linali lolakwika kotheratu. Linaonetsa kusintha kwakukulu kwa mphamvu ya mpweya pa tsiku limene mpweyawo sunasinthe kwenikweni. Ngakhale zinali tero, iye anasindikiza zonse mu 1922, osabisa kulephera kwake, ndipo anayerekeza kuti pangafunike anthu 64,000 owerengera pamodzi kuti alosere nyengo ya dziko lonse isanafike.

Patapita zaka zambiri akatswiri anapeza kuti njira ya Richardson inali yabwino, koma miyeso ya mphepo ndi mpweya imene anayambira nayo inali yosagwirizana. Mu 1950 gulu lotsogoleredwa ndi Jule Charney ndi John von Neumann linagwiritsa nchito kompyuta ya ENIAC ku America kulosera nyengo ya maola 24, ndipo kuwerengerako kunatenga pafupifupi maola 24 omwewo. Kulosera za nyengo kumene kumamveka pa wailesi masiku ano kumacokera ku mbewu imeneyo.

Ku mbali ya zomangamanga, cosowa cinacokera kwa opanga ndeke. Mu 1956 M. J. Turner wa kampani ya Boeing, pamodzi ndi Ray Clough ndi anzawo awiri, anasindikiza njira yowerengera kulimba kwa mapiko mwa kuwagawa m'tizigawo. Mu 1960 Clough, amene anali mphunzitsi pa yunivesite ya California ku Berkeley, anapatsa njirayi dzina lakuti finite element method, limene imadziwika nalo mpaka lero. Posakhalitsa, iye ndi wophunzira wake Edward Wilson anaigwiritsa nchito pa damu la Norfork ku Arkansas, limene linali ndi mng'alu waukulu, ndipo anaonetsa kuti damulo linali lolimbabe.

Ku Britain, Olgierd Zienkiewicz, amene digiri yake ya PhD inali yokhudza madamu, anafika pa yunivesite ya Swansea ku Wales mu 1961. Mu 1967 anatulutsa buku loyamba lophunzitsa njirayi, ndipo Swansea inasanduka malo amene ophunzira ocokera m'maiko ambiri anali kupitako kukatenga lusoli. Ambiri mwa amene anadzakhala aphunzitsi a maphunzirowa m'maiko ena anadutsa m'manja mwake.

Pamene manambala asokeretsa

Pa 23 August 1991, nsanja yaikulu ya konkire yochedwa Sleipner A, imene inamangidwa kuti ikaime m'nyanja pa malo okumbira gasi, inali kuyesedwa pafupi ndi mzinda wa Stavanger ku Norway. Pamene inali kumizidwa pang'onopang'ono, khoma lina la m'kati mwake linang'ambika. Madzi analowa kuposa mmene mapampu akanawacotsera, ndipo nsanja yonse inamira. Kugwa kwake pansi pa nyanja kunagwedeza nthaka moti makina opimira zivomezi anakumva. Palibe munthu amene anafa, koma cuma cokwana pafupifupi madola 700 miliyoni cinatayika.

Ofufuza anapeza kuti nsanjayo inawerengeredwa pa kompyuta ndi pulogalamu yodziwika bwino. Colakwika cinali pa ukonde. Pa malo amene makoma anali kukumana, tizigawo tinali tikulutikulu ndiponso topindika moipa, conco kompyuta inaonetsa kupanikizika kocepa ndi 47 peresenti poyerekeza ndi kumene kunalipodi. Makomawo anamangidwa mosalimba mokwanira kaamba ka nambala imeneyo. Ngoziyo itacitika, akatswiri anabwereza kuwerengera mosamala, napeza kuti khomalo linayenera kung'ambika pa kuya kwa mamita 62. Linang'ambika pa mamita 65. Njira inali yomweyo, koma m'manja mosamala inanena zoona.

Ngozi ina ili ndi ubale ndi Kariba. Injiniya wochuka wa ku France, André Coyne, amene anajambula damu la Kariba, ndiye anajambulanso damu la Malpasset kumwera kwa France. Pa 2 December 1959, caka comwe Kariba inatha kumangidwa, damu la Malpasset linagumuka usiku ndi kupha anthu oposa 400. Konkire ya khomalo sindiyo inayambitsa ngoziyo. Cimene cinalephera ndi thanthwe la pansi pake, limene linali ndi ming'alu yobisika, ndipo madzi olowa m'ming'aluyo analikankha mpaka linasuntha. Pa nthawiyo kuwerengera kunali kucitika popanda makompyuta a masiku ano, koma ngakhale kompyuta yamphamvu koposa sikanaona mng'alu umene palibe munthu anauika m'masamu.

Ngozi ziwirizi zikuimira mafunso awiri amene wophunzira aliyense wa maphunzirowa amaphunzitsidwa kufunsa. Loyamba ndi lakuti: kodi masamuwa awerengeredwa molondola? Apa ndi pamene Sleipner A inagwera. Laciwiri ndi lakuti: kodi masamu amene awerengeredwawo akufotokozadi cinthu ceniceni cimene cili pamalopo? Apa ndi pamene Malpasset inagwera. Funso loyamba limayankhidwa mwa kucepetsa maso a ukonde n'kuona ngati yankho lasiya kusintha, ndiponso mwa kuyesa pulogalamuyo pa funso limene yankho lake ndi lodziwika kale. Laciwiri limayankhidwa mwa kuyerekeza zotuluka mu kompyuta ndi miyeso yeniyeni, monga inacitikira ku Lausanne.

Kompyuta imatulutsa cithunzi cokongola, ca mitundu yofiira, yobiriwira ndi yacikasu, kaya manambala ake ndi oona kapena onama. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mwambi umenewu umagwira nchito kwa injiniya amene amalandira cithunzi cotere popanda kucifunsa mafunso.

Zimene wophunzira amakumana nazo

Wofuna kulowa maphunzirowa amafunika kukhala ndi digiri yoyamba ya uinjiniya, kaya wa zomangamanga, wa makina, wa migodi kapena wa ndeke. Amene anaphunzira masamu kapena physics amalandiridwanso. Digiri yaciwiri, ya master's, imatenga caka cimodzi m'mayunivesite ambiri a ku Britain ndi zaka ziwiri m'maiko ambiri a ku Ulaya. Wofuna kupitiriza mpaka PhD amawonjezera zaka zitatu kapena zinai za kafukufuku.

Maphunzirowa amaima pa miyendo itatu ngati mafuwa. Woyamba ndi sayansi ya zinthu zenizeni: mmene citsulo cimapindikira cisanathyoke, mmene konkire imang'ambikira, mmene dothi lonyowa limatererekera, mmene kutentha kumayendera ndi mmene madzi amawindukira. Waciwiri ndi masamu: njira zopezera manambala osadziwika mamiliyoni, njira zoyendera nthawi pang'onopang'ono popanda kuphonya kukula mpaka kuwononga yankho, ndi njira zopimira kuphonyako. Wacitatu ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta m'zinenero monga Python, C++, Fortran ndi MATLAB, kuphatikizapo luso logawira nchito imodzi kwa makompyuta ambiri kuti aigwire pamodzi.

M'masukulu ambiri wophunzira amauzidwa kulemba yekha pulogalamu yaing'ono ya finite element kucokera pa ciyambi, ngakhale kuti pamsika pali mapulogalamu akuluakulu monga ANSYS ndi Abaqus. Cifukwa cake ndi cakuti munthu amene analembapo pulogalamu yotere, naiona ikupereka yankho lopusa kaamba ka cizindikiro cimodzi colakwika, sakhulupirira msanga pulogalamu ya munthu wina. Amaphunzitsidwanso kuyamba ndi pensulo: kuwerengera mwacidule pa pepala kukula kwa yankho limene akuyembekezera, asanayatse kompyuta. Ziwirizo zikasiyana kwambiri, ndiye kuti pali colakwika pena pake, ndipo ayenera kucifunafuna kufikira atacipeza.

Miyezi yomaliza imakhala ya kafukufuku. Wophunzira amatenga funso limodzi, kawirikawiri locokera ku kampani kapena ku gulu la ofufuza, n'kulemba buku limene amaliteteza pamaso pa aphunzitsi. Mafunso ake ndi osiyanasiyana: kugundana kwa magalimoto, kuyenda kwa magazi m'mitsempha, kulimba kwa zipilala za mumgodi, kuzizira kwa mabatire, kapena kusefukira kwa mtsinje. Ngakhale ndi osiyana conco, masamu ake ndi apacibale, ndipo n'cifukwa cake womaliza maphunzirowa amatha kucoka pa nchito ya madamu n'kupita ku ya ndeke.

M'zaka zaposacedwapa maphunzirowa alandiranso njira zimene kompyuta imaphunzira yokha kucokera ku zitsanzo zambiri. Njira zimenezi zimapereka yankho mofulumira, koma zambiri zimaphunzitsidwa ndi mayankho ocokera ku masamu akale omwewo, ndipo mafunso awiri aja amakhalabe pamalo pake.

Kumene maphunzirowa amapezeka

Yunivesite ya Swansea ikupitiriza kuphunzitsa lusoli. Mumzinda wa Barcelona ku Spain, yunivesite ya UPC ili ndi digiri ya master's ya numerical methods pa uinjiniya, mogwirizana ndi bungwe lofufuza la CIMNE limene linakhazikitsidwa mu 1987 motsogoleredwa ndi Eugenio Oñate, amene naye anaphunzira ku Swansea. Ku Germany, mayunivesite a Stuttgart ndi Munich ali ndi maphunziro otere ophunzitsidwa m'Cingelezi. Wofuna kupita kumeneko ayenera kufufuza bwino za malipiro, popeza mu 2017 cigawo ca Baden-Württemberg, kumene kuli Stuttgart, cinayamba kulipiritsa ophunzira ocokera kunja kwa European Union ndalama zokwana ma euro 1,500 pa theka lililonse la caka.

Kum'mwera kwa Africa kuno, yunivesite ya Cape Town ili ndi gulu lofufuza lochedwa CERECAM, limene limagwira nchito pa masamu amenewa. Mumzinda womwewo muli bungwe la CHPC, losunga makompyuta akuluakulu amphamvu, limene mu 2016 linayambitsa kompyuta yochedwa Lengau. Kulinso sukulu ya AIMS, imene inatsegulidwa mu 2003 ku Muizenberg, yolandira ophunzira a masamu ocokera m'maiko a mu Africa ndi kuwalipirira zonse. Ambiri amaigwiritsa nchito ngati powolokera kupita ku PhD.

Kwa mwana wa sukulu wa m'Zambia, ulendowu umayambira pa kukhoza bwino masamu ndi sayansi ku sekondale, kenaka digiri ya uinjiniya pa University of Zambia ku Lusaka, Copperbelt University ku Kitwe kapena yunivesite ina yovomerezeka. Thandizo la ndalama lopitira kunja limapezeka kudzera ku Commonwealth Scholarships ndi Chevening za ku Britain, DAAD ya ku Germany, Erasmus Mundus ya European Union, ndi Beit Trust imene imathandiza ophunzira a ku Zambia, Zimbabwe ndi Malawi. Opikisana amakhala ambiri, ndipo Chevening imafuna kuti wopemphayo akhale atagwirapo nchito zaka ziwiri.

Osankha ophunzira amayang'ana kwambiri magiredi a masamu ndi umboni wakuti munthuyo amatha kulemba pulogalamu. Umboni wotere ukhoza kukonzedwa munthu ali kwawo. Mapulogalamu monga OpenFOAM, yowerengera kayendedwe ka madzi ndi mpweya, ndi FEniCS, ya finite element, amapezeka kwaulere pa intaneti, ndipo mafunso aang'ono amatha kuyenda pa kompyuta wamba ya m'manja. Wophunzira wa caka comaliza amene wayerekezera kamlatho ka kwawo kapena ngalande ya m'komboni, nayerekeza zotuluka zake ndi zimene wapima yekha, amakhala ndi cinthu coonetsa.

Cifukwa cake dziko limafuna anthu otere

Mafunso ofuna lusoli ali ponseponse m'dziko la migodi ndi madamu. Pa 25 September 1970, matope a zotsala za mgodi analowa pansi pa mgodi wa Mufulira ndi kupha anchito 89. Mu February 2025, damu losungira zotsala za mgodi linagumuka ku Chambishi, ndipo madzi a asidi anafika mumtsinje wa Kafue. Kulimba kwa madamu otere, kuya kumene mgodi ungafike popanda denga kugwa, ndi malo amene madzi angafike damu litagumuka, zonsezi masiku ano zimawerengeredwa pa kompyuta.

Pa Kariba pomwepo nkhani sinathere pa dziwe. Konkire ya khomalo imafufuma pang'onopang'ono kaamba ka kusagwirizana kwa simenti ndi miyala imene inasakanizidwa nayo. Kufufumaku ndi kwakung'ono kwambiri pa caka cimodzi, koma pa zaka zoposa 60 kunakhudza malo a zitseko, ndipo n'cifukwa cake mbali ina ya ndalama zija inapita kumeneko. Zipangizo zoikidwa m'khomalo zimapima kusuntha kwake, ndipo miyesoyo imafuna munthu woiyerekeza ndi zimene masamu akunena, caka ndi caka, kwa nthawi yonse imene damulo lidzakhalapo.

Nchito zazikulu zotere kawirikawiri zimapatsidwa kwa makampani a akatswiri ocokera kunja, ndipo palibe colakwika pa kugula luso kumene likupezeka. Koma kampani ikatsiriza, imapereka lipoti n'kubwerera kwawo. Lipotilo limatsala pa tebulo la bungwe la boma, la kampani ya magetsi kapena la oyang'anira migodi, ndipo pamafunika munthu wolivomereza. Munthu ameneyo ayenera kudziwa kufunsa kuti ukonde unali wa maso otani pa malo oopsa, kulimba kwa thanthwe kunapimidwa kapena kunangoganiziridwa, ndiponso yankho likanasintha motani ngati nambala imodzi ikanakhala yolakwika.

Bungwe la Engineering Institution of Zambia limalembetsa mainjiniya ogwira nchito m'dziko muno, ndipo amene amasaina pa pulani ndi munthu wa dzina lake. Pa nsanja ya Sleipner A, imene inamira mu 1991, pulogalamu inapereka nambala, anthu anailandira, ndipo konkire inathiridwa. Ku Lausanne, patapita zaka pafupifupi 20, nambala za dziwe la Kariba zinayesedwa ndi madzi enieni m'cifaniziro zisanatumizidwe ku Zambezi. Maphunziro a digiri yaciwiri ndi yacitatu pa lusoli alipo kuti akonze anthu ocita monga anacitira a ku Lausanne.